Chikopa chomera m'beseni: kalimidwe kake, mavuto ake ndi masamu a shuga

Tiyi wothira shuga akakhala m'beseni masabata atatu osagwedezeka, muli mabakiteriya a mtundu woyenera, pamwamba pake pamayalana khungu loyererako, loterera ndi lolimba moti simungaliboole ndi chala. Limayamba ngati kakhungu kamene kamachita pamwamba pa phala likamazizira, kenako n'kumakhuthala tsiku ndi tsiku. Mukalitsuka n'kuliyanika limasanduka chikopa chopyapyala chimene chimadulika ndi sizasi, chimamwa utoto ndipo chimasokeka. Khungulo ndi selulozi, yemweyo amene amapanga ulusi wa thonje, kungoti apa sanachokere kumunda. Amene amamuluka ndi mabakiteriya otchedwa Komagataeibacter xylinus, omwe wasayansi wa ku Britain A. J. Brown anawafotokoza mu 1886 atawapeza mu viniga.

Ntchitoyi si yachilendo. Ku Philippines anthu akhala akulima khungu lomweli pa madzi a kokonati n'kumalidula timabokosi todya totchedwa nata de coco. Amene anachititsa kuti okonza zovala aliganizire ndi Suzanne Lee wa ku London, yemwe anasoka majekete kuchokera ku khungu lomera pa tiyi pa ntchito yake ya BioCouture ndipo anaionetsa ku dziko mu 2011. Kuchokera pamenepo pabwera makampani monga Polybion ya ku Mexico, yomwe imadyetsa mabakiteriyawa zotsalira za zipatso, ndi Modern Synthesis ya ku London. Ambiri akamalemba za zimenezi amangotamanda kuti tapeza chikopa chosapha nyama ndi nsalu yosalira mankhwala ophera mbozi. Kutamandako kuli ndi maziko, koma yemwe akufuna kuigwira ntchitoyi ayenera kudziwa zinthu ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri: chikopachi chimadya shuga wambiri, ndiponso chimaopa madzi.

Zofunika ndi miyezo yake

Mabakiteriyawa amapuma mpweya, n'chifukwa chake amalukira pamwamba pokha, pamene madzi akumana ndi mpweya. Choncho chofunika ndi kutambalala kwa chiwiya, osati kuya kwake. Beseni la pulasitiki la makona anayi la masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi ndi labwino poyambira, ndipo chikopa chidzatuluka cha kukula komweko. Galasi ndi chitsulo chosachita dzimbiri zilinso bwino. Ndowa ya malata ndi poto wa aluminiyamu ayi, chifukwa madziwa amasasa kwambiri, amadya chitsulocho n'kudetsa chikopa.

Pa beseni lotere pamafunika madzi malita 10, shuga kilogalamu imodzi, masamba a tiyi magalamu 50, ndi lita imodzi ya madzi osasa ochokera ku kombucha yamoyo (chakumwa cha tiyi wa shuga wosasitsidwa ndi mabakiteriya ndi yisiti) pamodzi ndi kachidutswa ka khungu lake, zomwe ndizo mbewu. Zonsezi zikalowa m'beseni madzi amafika pafupifupi masentimita 5. Tiyi wakuda wamba wa ku Thyolo kapena Mulanje amagwira bwino ntchito, koma amapereka chikopa chabulauni; wobiriwira amapereka choyererako chimene chimaonetsa utoto bwino. Ntchito ya tiyi si kununkhiritsa. Iye amapereka nayitulojeni ndi tizakudya tina timene shuga alibe, ndipo popanda zimenezo mabakiteriya amakula mofooka.

Wiritsani madziwo, ngakhale akhale a pampopi, kuti klorini achoke ndi tizilombo tina tife. Ikanimo tiyi kwa mphindi 15, sefani, sungunulanimo shuga madzi akadali otentha, kenako dikirani azizire kufika pansi pa madigiri 30. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma: mbewu ikathiridwa m'madzi ofunda kwambiri imafa, munthu n'kudikira mwezi wathunthu pabeseni pali zii. Beseni lenilenilo litsukidwe ndi sopo, litsukuluzidwe bwino, kenako lipukutidwe ndi viniga kapena spiriti.

Kusasa kwa madzi tsiku loyamba ndi chitetezo chachikulu ku chuku. Yezani ndi timapepala toyezera pH, muyezo wa kusasa umene chiwerengero chake chimatsika madzi akamasasa. Chiwerengero chikhale pakati pa 4 ndi 4.5. Chikakwera kuposa pamenepo, zimene zimachitika kawirikawiri ndi madzi a pamjigo okhala ndi mchere, onjezani viniga pang'onopang'ono mukuyeza. Mukatha phimbani ndi nsalu ya thonje yolukidwa mothinana, yomangidwa ndi chingwe kuzungulira beseni, ndipo isakhudze madzi. Chivindikiro chotseka chimamana mabakiteriya mpweya, komanso thukuta lake limadonthera pakhungu n'kusiya mabowo.

Za mbewu: chakumwa cha m'botolo chimene chinatenthetsedwa kapena kuthiridwa mankhwala osungira sichingamere kanthu. Njira yodziwira ndi kuthira theka la kapu m'botolo lokamwa kwakukulu momwe muli tiyi wa shuga wozizira, n'kuphimba ndi nsalu. Ngati mbewuyo ili yamoyo, pakatha masiku 7 mpaka 10 pamaoneka kakhungu koonekera mkati. Kuleni kameneko kawiri kapena katatu m'mabotolo musanapite pabeseni lalikulu. Viniga wosaphika amene ali ndi khungu lake amathanso kukhala mbewu.

Masabata atatu osakhudza

Kutentha koyenera ndi madigiri 25 mpaka 30. Pansi pa 20 kukula kumachedwa kwambiri ndipo chuku chimapeza mpata, choncho m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumadera okwera ngati Dedza ndi Mzuzu beseni liyenera kukhala m'chipinda chofunda, litakwezedwa pa thabwa, osati pa simenti yozizira. Kupitirira 35 mabakiteriya amafooka pamene yisiti ikulusa. M'chipinda cha malata ku Chikwawa mu Okutobala ndi bwino kusankha malo a mthunzi opita mphepo. Dzuwa lisawombe pabeseni.

Pakatha masiku atatu mpaka asanu pamaoneka timadontho toyera tolumikizana. Pakatha sabata pamakhala khungu lokuta pamwamba ponse. Kuyambira pamenepo lamulo ndi limodzi: beseni lisasunthidwe. Likagwedezeka khungu limamira pang'ono, madzi n'kukwera pamwamba pake, ndipo mabakiteriya amayamba khungu latsopano pamwamba pa madziwo. Zotsatira zake ndi zikopa ziwiri zopyapyala zosagwirana m'malo mwa chimodzi chokhuthala. Palinso chifukwa china chozama. Mabakiteriyawa akamatakasidwa mosalekeza, ena mwa iwo amasintha chibadwa n'kusiya kupanga selulozi, ndipo osalukawo amaswana msanga kuposa olukawo. Ichi ndicho chimapangitsa kuti ngakhale mafakitale azilima khunguli m'mathireyi ambirimbiri osanjikizana m'malo mwa thanki imodzi yaikulu yotakasa, ndipo n'chimodzi mwa zokwezera mtengo wake.

Thovu ndi vuto lachiwiri. Mu mbewu ya kombucha mumakhalanso yisiti, imene imaphwanya shuga n'kutulutsa mpweya woipa. Mpweyawo ukakodwa pansi pa khungu umalitukula, pamalo potukukapo pamauma n'kusiya kukula, chikopa n'kutuluka chokhala ndi malo opyapyala. Thovu laling'ono mungalikankhire m'mbali ndi dzanja lovala gulovu yopukuta ndi spiriti, mosamiza khungu. Likachuluka ndiye kuti yisiti yaposa: tengani mbewu ya pamwamba pa botolo, musiye zokhala pansi zabulauni chifukwa m'menemo ndi mmene yisiti yadzala, ndipo chepetsani kutentha.

Chuku chimadziwika ndi maonekedwe ake ouma, aubweya, obiriwira, akuda kapena oyera, ndipo nthawi zonse chimakhala pamwamba. Zingwe zabulauni zolendewera pansi pa khungu si chuku, ndi yisiti chabe. Chuku chikagwa, tayani zonse, madzi ndi khungu lomwe, n'kutsuka beseni ndi madzi otentha. Kudula pamene paoneka n'kusiya kwinako n'kungotaya nthawi, pakuti njere zake zimakhala zitafalikira kale. Tintchentche ting'onoting'ono ta pa zipatso timakonda fungo la viniga ndipo timalowa pa kabowo kalikonse ka pansalu kukaikira mazira. Neti ya udzudzu siyokwanira. Nyerere zimaletsedwa poimika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi.

Pakati pa masiku 14 ndi 21 khungu limafika sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kupitirira apo kukula kumachepa chifukwa mabakiteriya omwewo amasandutsa gawo la shuga kukhala asidi, pH n'kutsika kufika pa 3 kapena pansi. Kudikira mwezi wina sikuwonjezera zambiri. Kololani.

Kutsuka, kufewetsa ndi kuumitsa

Khungu longotuluka m'beseni limanunkha viniga, lili ndi shuga wotsala komanso mitembo ya mabakiteriya ndi yisiti. Likaumitsidwa choncho limamata, limakoka chinyezi ndipo limaitana nyerere ndi mphemvu. Kutsuka kwapafupi ndi madzi ozizira a sopo, kenako kulinyika m'madzi oyera masiku awiri mukusintha madziwo m'mawa ndi madzulo. Kutsuka kwenikweni ndi kositiki, yemwe opanga sopo amamudziwa: magalamu 20 pa lita imodzi ya madzi, kutentha pafupifupi madigiri 80, kwa ola limodzi. Thirani kositiki m'madzi, osati madzi pa kositiki. Valani magulovu ndi magalasi. Ndipo musayerekeze kuchitira m'poto wa aluminiyamu, chifukwa kositiki amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya woyaka. Khungu limayamba lada, kenako limayera pamene mukulitsukuluza. Pitirizani kutsukuluza mpaka pH ya madzi otsukira ifike pa 7, ndipo viniga pang'ono m'madzi omalizira amathandiza.

Selulozi wotsukidwa bwino akauma yekha amakhala wolimba pokoka koma wouma gwa ngati pepala lokhuthala, ndipo amathyoka popinda. Mankhwala ake ndi gilisarini yemwe timadzolayu: mamililita 50 mpaka 100 pa lita imodzi ya madzi, khungu linyikidwemo usana ndi usiku. Musapitirire muyezowo. Gilisarini amakoka chinyezi cha mumpweya, kotero akachuluka chikopa chimanyowa chokha nthawi ya dzinja n'kuchita chuku chili m'kabati.

Utoto umalowa bwino khungu lisanaume. Chidede chimapereka kufiira kokongola koma kumasuluka ndi dzuwa ndi sopo. Wokhalitsa ndi wakuda wochokera ku tiyi wowawa ndi madzi amene munanyikamo misomali yadzimbiri mu viniga: chitsulo chikakumana ndi kuwawa kwa tiyi chimada, monga mmene inki yakale inkapangidwira.

Yalani khungu pa thabwa losalala lopanda penti, kankhirani thovu kunja ndi dzanja, ndipo m'mphepete mupindire kuseri kwa thabwa kapena mupanike kuti lisakhwinyate. Thabwa limamwa madzi kuchokera pansi, ndipo chikopa chimatenga mizere ya mtengowo. Umitsani pamthunzi popita mphepo, masiku atatu mpaka sabata malinga ndi nyengo. Dzuwa lamphamvu limaumitsa pamwamba mkati muli madzi, chikopa n'kupindika ndi kung'aluka.

Masamu amene ayenera kunenedwa poyera

Khungu lonyowa ndi madzi pafupifupi magawo 99 pa 100. Beseni lija la masentimita 60 ndi 40, khungu likafika sentimita imodzi ndi theka, limalemera makilogalamu pafupifupi 3.6. Likauma mumatsala selulozi wa magalamu 36 kapena kupitirira pang'ono, wokhuthala osafika theka la milimita. Ndiye kuti kilogalamu yathunthu ya shuga yabala chikopa chopepuka kuposa dzira limodzi, ndipo kuti mupeze chikopa cha mita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamafunika shuga woposa makilogalamu 4. Chikopa cha nsapato chimakhala cha milimita imodzi kapena iwiri, kotero muyenera kusanjikiza makungu atatu kapena anayi akadali onyowa. Ubwino wake amagwirana okha pouma, popanda guluu.

Shuga yense sapita pachabe. Madzi otsala m'beseni amakhala ndi shuga wina ndiponso asidi, ndipo gawo lake limakhala mbewu ya ulendo wotsatira. Komabe kulima chovala pa shuga woyera wa patebulo, amene wadya kale madzi othirira, feteleza ndi moto wa fakitale, sikungatchedwe kusamala chilengedwe. Nzeru ya ntchitoyi ili pa zotsalira. Molasesi, manyuchi akuda otsala popanga shuga ku fakitale, amene pafupifupi theka lake ndi shuga, amagwira ntchito akasungunulidwa kufika magalamu 100 mpaka 150 pa lita, n'kuwiritsidwa, kusefedwa ndi kutsitsidwa pH, ngakhale amapereka chikopa chakuda chovuta kuyeretsa. Ku Malawi molasesi wa ku Dwangwa ndi Nchalo ali kale ndi ogula, makamaka opanga ethanol, choncho si waulere. Chimene chimatayika zenizeni ndi mango a m'Disembala amene amavunda pansi pa mitengo, makoko a chinanazi ndi nthochi zopsetsa. Zimenezi zimafuna kuphwanyidwa, kuwiritsidwa mphindi 20 ndi kusefedwa pa nsalu kawiri, chifukwa zinyenyeswa zoyandama zimalowa m'khungu n'kulifooketsa. Vuto lake n'lakuti shuga wa zipatso amasiyana mtengo ndi mtengo, sabata ndi sabata, kotero zikopa sizituluka zofanana pokhapokha mutamayeza ndi kachipangizo koyezera shuga m'madzi.

Kuopa madzi

Chikopachi chimamwa madzi mofulumira. Chikanyowa chimafewa, chimatupa ndi kutambasuka, ndipo chikaumanso sichibwerera bwinobwino. Thukuta lokha limakwanira kuchisintha. Phula la njuchi losungunulidwa ndi mafuta a kokonati, gawo limodzi la phula pa magawo atatu a mafuta, likapakidwa lofunda n'kupukutidwa, limachititsa kuti madontho azitsetsereka, koma silingachipulumutse ku mvula yeniyeni kapena kuchapa. Ndiye poyambira pabwino ndi zinthu zosachapidwa: zikwama za ndalama, zikuto za mabuku, ndolo, zophimbira nyale. Telala asoke ndi misoko yotalikirana mamilimita 3 kapena 4, chifukwa misoko yothinana imaboola mzere umene chikopa chimang'ambikira. Kuyala nsalu yopyapyala ya thonje pakati pa makungu awiri onyowa kumathandiza kwambiri kuti msoko ugwire.

Makampani ena amathetsa vutoli pokuta chikopa ndi pulasitiki yopyapyala ya polyurethane. Chikatero chimalimba, koma sichiwolanso bwino m'nthaka, ndipo ubwino umene unalengezedwa uja umachepa. Wogula aliyense wa zikopa zolimidwa ali ndi ufulu wofunsa chimene chapakidwa pamwamba. Njira ina ndi imene kampani ya Nanollose ya ku Australia inatsata: kusungunula selulozi wa mabakiteriya n'kumupota kukhala ulusi, monga amachitira ndi selulozi wa mitengo, kuti alukidwe nsalu yochapika. Imeneyo ndi ntchito ya fakitale, si ya pakhomo.

Palinso njira ina yolimira chikopa, yogwiritsa ntchito bowa, imene alimi a bowa angaizindikire msanga. Ulusi woyera umene umadzaza thumba bowa asanatuluke ndi umene umakololedwa. Mtundu wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Ganoderma, wolimidwa pa utuchi wosakaniza ndi madeya pang'ono, wonyowetsedwa kufika magawo 60 mpaka 65 pa 100, ndi kuphikidwa pa madigiri 121 m'poto wa mphamvu ya nthunzi. Mumdima ndi mumpweya woipa wochuluka bowa satuluka, m'malo mwake ulusi umayalana pamwamba ngati mphasa yofewa imene imasendedwa, kupanikizidwa ndi kufufutidwa. Mdani wake ndi chuku chobiriwira cha Trichoderma, chomwecho chimene chimawononga matumba a bowa wa oyisitala. MycoWorks ya ku California inagwirizana ndi Hermès, kampani ya zikwama ya ku France, kupanga chikwama cha chikopa chotere mu 2021. Bolt Threads, imene chikopa chake cha Mylo chinafika kwa Adidas ndi wokonza zovala Stella McCartney, inaimitsa kupanga mu 2023 itasowa ndalama zokulitsira fakitale. Nayo Spiber ya ku Japan, yopanga ulusi wotengera wa kangaude pogwiritsa ntchito tizilombo, inaonetsa jekete lake loyamba mu 2015 koma linafika pamsika mu 2019, chifukwa ulusi woyambawo unkafota ukanyowa ndipo anachita kuukonzanso.

Chifukwa chake zodzola zinatsogola

Ku zodzoladzola njira yolima ndi tizilombo inapambana kalekale, anthu ambiri osadziwa. Hyaluronic acid, amene amasunga chinyezi pakhungu, poyamba ankachotsedwa ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 akupangidwa m'mathanki ndi mabakiteriya a Streptococcus zooepidemicus odyetsedwa shuga, ndipo lero wambiri amachokera ku China. Mafuta a squalane ankachokera ku chiwindi cha shaki za m'nyanja zakuya. Kampani ya Amyris inasintha chibadwa cha yisiti kuti isandutse madzi a nzimbe za ku Brazil kukhala mafuta otchedwa farnesene, amene kenako amasandutsidwa squalane. Luso la yisiti imeneyi linayambira pa kafukufuku wopanga artemisinin, gwero la mankhwala a malungo a m'gulu la LA amene timalandira kuchipatala.

Kusiyana kwake kuli pa muyezo. Botolo la mafuta odzola limafuna hyaluronic acid wochepa, kawirikawiri gawo limodzi kapena awiri pa 100 kapenanso kucheperapo, ndipo ogula amalipira bwino. Zovala zimafuna matani: dziko lapansi limapanga ulusi woposa matani 100 miliyoni pa chaka, woposa theka ndi poliyesitala wotchipa wochokera ku mafuta a pansi. Chinthu chimene chimabala magalamu ochepa pa lita sichingapikisane pamenepo pakali pano. Ngakhale ku zodzola komweko msika ndi wovuta, pakuti Amyris inalengeza mu Ogasiti 2023 kuti yalephera kubweza ngongole zake, ngakhale squalane wa nzimbe akugulitsidwabe.

Khungu la m'beseni lija nalonso lili ndi malo ku zodzola. Popeza limasunga madzi ambiri ndi kukakamira bwino pankhope, mafakitale amalilima lopyapyala, mamilimita ochepa chabe m'masiku osakwana 10, n'kulidula zophimba kumaso zonyikidwa m'mankhwala ofewetsa khungu. Kumeneko kuopa madzi kuja kumasanduka ubwino, ndipo shuga wofunika ndi wochepa. Ku Brazil khungu lomweli lakhala likugwiritsidwa ntchito pophimba zilonda zamoto kuyambira m'ma 1980. Koma lopita pathupi liyenera kulimidwa ndi mbewu ya mtundu umodzi wodziwika, osati chisakanizo cha kombucha, liphikidwe mu kositiki mobwereza mpaka zotsalira za mabakiteriya zithe, litsukuluzidwe ndi madzi oyeretsedwa kufika pH 7, kenako liphedwe tizilombo pa madigiri 121 kwa mphindi 20 ndi kutsekeredwa m'paketi. Zotsalira za mabakiteriya a mtunduwu zimatha kutupitsa khungu la munthu, ndipo kositiki wosatsukuluzika amawotcha. Lolimidwa pakhomo lisaikidwe pachilonda, ndipo wofuna kugulitsa zophimba kumaso ayambe wapititsa katundu wake kukayezedwa ku bungwe loona za miyezo, lomwe ku Malawi ndi Malawi Bureau of Standards.